Mafunso a Owerenga: Kodi mtima wodziwa chabwino ndi choipa unachokera kuti?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza gwero la khalidwe labwino la munthu, ndipo tasankhapo asanu ndi imodzi amene mafunso ake akulumikizana. Ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale. Tsiku lina nditafotokoza kuti zamoyo zimapikisana, ndipo zimene zapambana ndizo zimasiya ana, mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti: "Nanga aphunzitsi, munthu wodziponya m'madzi kuti apulumutse mnzake anachokera kuti? Bwanji anthu otere sanathe kalekale?" Ndinamuyankha, koma ndinaona pankhope pake kuti sanakhutire, ndipo kunena zoona nanenso sindinakhutire. Ndithandizeni. — Mphunzitsi wa kusekondale

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo ali ndi mutu, chifukwa funso limene anakufunsanilo ndi lomwe linavutitsa Charles Darwin mwini wake. M'buku lake la mu 1859, Darwin anavomereza poyera kuti njuchi ndi nyerere zantchito, zimene sizibereka koma zimatha moyo wonse zikulera ana a mfumukazi, zinali chinthu chimene poyamba chinkaoneka ngati chigwetsa mfundo yake yonse ya kusintha kwa zamoyo. Pajatu khalidwe limafika ku mbadwo wotsatira kudzera mwa ana. Nanga la chamoyo chosabereka lidutsira pati? Darwin anaganiza kuti yankho lagona pa banja lonse osati pa chamoyo chimodzi, koma pa nthawiyo nkhani ya majini, tizinthu ta m'thupi timene timanyamula chibadwa kuchokera kwa makolo kupita kwa ana, inali isanadziwike, choncho analibe njira yolongosolera bwinobwino.

Amene anadzaika masamu pa nkhaniyi ndi William Hamilton wa ku Britain, mu 1964. Mwana amatenga theka la majini ake kwa mayi ndi theka lina kwa bambo. Ana a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi amafanana pa theka la majini otengerawo, mdzukulu ndi agogo ake pa gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo asuweni pa gawo limodzi mwa magawo 8. Tiyerekeze tsono kuti pali jini limene limachititsa nyama kulira mochenjeza zinzake ikaona mdani, ngakhale kuti kulirako kumaionetsera kwa mdaniyo. Nyamayo ikhoza kufa, koma ngati kulira kwake kwapulumutsa abale ake okwanira, amene ambiri a iwo ali ndi jini lomwelo, ndiye kuti jinilo silinapite kumanda ndi mwini wake, m'malo mwake lachuluka. Lamulo la Hamilton limangonena kuti kudzipereka kumafalikira pamene phindu la wothandizidwayo, likawerengedwa molingana ndi kuyandikira kwa chibale, likuposa zimene wothandizayo wataya. Akuluakulu amene anati chibale n'fupa sichiola za majini sankazidziwa, koma chimene anaona ndi chomwechi.

Komatu wopulumutsidwa m'madzi uja nthawi zambiri si m'bale. Pamenepa ndi pamene anayambira Robert Trivers wa ku America, amene mu 1971 anaonetsa kuti kuthandizana kwa osakhala pachibale kungakhazikike ngati zinthu zitatu zilipo: okhudzidwawo azikumana kawirikawiri, azizindikirana, ndipo azikumbukira amene anawamana. Chitsanzo chimene ophunzira sachiiwala ndi cha mileme yoyamwa magazi imene Gerald Wilkinson anaifufuza ku Costa Rica n'kufalitsa zotsatira zake mu 1984. Mleme wotere ukatha maola pafupifupi 60 usanayamwe umafa ndi njala, ndipo si usiku uliwonse pamene mleme umapeza nyama yoiyamwa. M'mawa mileme ikabwerera kuphanga la mumtengo, umene wabwera chimanjamanja umayandikira umene wakhuta n'kuyamba kuunyambita, ndipo wokhutawo umabzukula magazi pang'ono n'kuumwetsa pakamwa. Wopatsa umataya maola ochepa chabe a moyo, pamene wolandira, umene unali pafupi kufa, umapeza maola ambiri. Mileme yambiri imene inkadyetsedwa inali ana ndi achibale, koma panalinso ina yosakhala pachibale, ndipo imeneyi inkapatsidwa makamaka ndi ija imene inaidyetsapo kale. Kupatsa n'kuika, ngakhale m'phanga la mileme.

Cha m'ma 1980, Robert Axelrod anaitana akatswiri kuti alembe mapulogalamu a kompyuta oti apikisane pa masewera amene aliyense amasankha, ulendo uliwonse, kugwirizana ndi mnzake kapena kumudyera masuku pamutu. Panabwera mapulogalamu ochenjera kwambiri, koma imene inapambana, ndipo inapambana kawiri konse, inali yaifupi zedi ya Anatol Rapoport: yamba ndi kugwirizana, kenaka uzichita chimene mnzako anakuchitira ulendo wapitawo. Sinkayamba chinyengo, inkabwezera ikalakwiridwa, ndipo inkakhululuka msanga mnzake akasintha.

Kwa anthu palinso china chimene mileme ilibe, ndicho mbiri. Popeza timalankhula, amene ndamuthandiza lero sayenera kukhala yemweyo wodzandithandiza mawa, chifukwa nkhani imayenda, ndipo anthu amasankha wopita naye kosaka, wokwatirana naye ndi womusungitsa katundu potengera zimene amva. Makolo athu akale anakhala zaka zikwi mazana ambiri m'timagulu ting'onoting'ono mmene pafupifupi aliyense wokumana naye anali wachibale kapena munthu wodzakumananso naye, ndipo mtima umene unaumbika m'moyo wotero sunaphunzire kufunsa kaye dzina la womira. Akatswiri ena, monga Robert Boyd ndi Peter Richerson, amawonjezera kuti magulu amene anali ndi miyambo yolimbikitsa kugwirizana ankaposa magulu ena, ndipo miyamboyo inkafalikira. Kukula kwa mbali imeneyi kukadali pa mkangano mpaka lero.

Chimene ndingakupempheni kuti mukachigogomeze m'kalasi ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri. Chifukwa chimene khalidwe linafalikira m'mibadwo ndi china, ndipo chimene munthu amamva mumtima pochita khalidwelo ndi chinanso. Mayi amene wadzuka pakati pa usiku kuti ayamwitse sawerengera majini. Amamva chisoni ndi kulira kwa mwana, ndipo chisonicho n'chenicheni. Mawu akuti "jini lodzikonda", amene Richard Dawkins anawatchukitsa mu 1976, ndi fanizo chabe, chifukwa jini lilibe mtima woti n'kudzikonda nawo. Chimene chimanenedwa n'chakuti majini amene anachuluka ndi amene anaumba zolengedwa zotha kukonda zinzawo moona.

FUNSO: Ndakhala ndikusamalira ana aang'ono kwa zaka zambiri. Ena amagawira anzawo popanda kuuzidwa, ena amalanda chilichonse. Kodi mwana amabadwa akudziwa kale chabwino, kapena zonse ndi maleredwe? — Mayi wolera ana

YANKHO: Mayi, zimene mumaona tsiku ndi tsiku asayansi anaziyesa mwadongosolo. Mu 2006, ku Leipzig m'dziko la Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello anatenga ana a miyezi 18, ambiri asanayambe kulankhula bwinobwino. Warneken ankayanika tinsalu pachingwe mwana akuonerera, kenaka ankagwetsa chopanira ngati mwangozi n'kumayesa kuchitola osachifikira. Sankamuuza mwanayo kanthu. Mwana ankayang'ana chopaniracho, n'kuyang'ana nkhope ya bamboyo, kenaka n'kudzandira kukachitola n'kumupatsira. Pafupifupi ana onse anathandiza kamodzi kapena kuposerapo. Chochititsa chidwi n'chakuti bamboyo akaponya chopaniracho pansi mwadala, ana ambiri sankachilabadira, kusonyeza kuti sankangosewera ndi kutola zinthu, koma ankazindikira cholinga cha munthu wina. Pa kafukufuku wina wa mu 2008, akatswiri omwewa anapeza kuti ana a miyezi 20 amene ankapatsidwa mphoto akathandiza anadzayamba kuthandiza mochepa mphotoyo itasiyidwa, poyerekeza ndi anzawo amene sanapatsidwepo kanthu. Mfundo imeneyi ndi yoti olera ana aiganizire.

Si kafukufuku yense wa makanda amene waima nji. Mu 2007, Kiley Hamlin ndi anzake a ku yunivesite ya Yale anaonetsa makanda a miyezi 6 ndi 10 tizidole tamatabwa, kena kakuthandiza kanzake kukwera phiri, kena kakukakankhira pansi, ndipo ananena kuti pafupifupi makanda onse ankatambasulira dzanja kothandiza kaja. Nkhaniyi inatchuka dziko lonse. Koma posachedwapa, akatswiri a m'mayiko ambiri atabwereza kafukufukuyu ndi makanda oposa 1,000, anapeza kuti amene anasankha kothandiza anali theka chabe, mmene zingakhalire ndi mwayi wamba. Choncho kunena kuti khanda la miyezi 6 limaweruza kale ochimwa n'kuthamanga magazi. Chimene chili ndi umboni wolimba n'chakuti mwana wongoyamba kuyenda amakhudzidwa ndi vuto la wina ndipo amafuna kuthandiza.

Kugawana mwachilungamo kumabwera mochedwerapo, ndipo kumaoneka kuti kumamera pa ntchito yogwirira limodzi. Mu 2011, Katharina Hamann ndi anzake anaika ana awiriawiri a zaka 3 kuti akoke zingwe pamodzi kuti timipira tituluke m'bokosi. Bokosilo linakonzedwa mwakuti mmodzi azilandira titatu, winayo kamodzi. Nthawi zambiri wolandira titatu uja ankapereka kamodzi kwa mnzake kuti alingane. Koma timipirato tikapezeka popanda kugwirira limodzi ntchito, kugawanako kunkachepa kwambiri. Anyani otchedwa chimpanzi atayesedwa mofananamo sanasonyeze kusiyana kumeneku.

Tsono maleredwe amalowa pati? Amalowa ngati mmene amalowera pa chilankhulo. Mwana aliyense amabadwa wokonzeka kulankhula, koma chinenero chimene adzalankhule chimachokera kwa amene amuzungulira. Mu 2001, Joseph Henrich ndi anzake anafalitsa zotsatira za masewera ena amene anachititsa pakati pa mitundu 15 ya anthu m'makontinenti osiyanasiyana. Munthu mmodzi ankapatsidwa ndalama kuti agawane ndi wina wosamudziwa, ndipo winayo akakana gawo lake onse awiri ankachoka opanda kanthu. Amachiguenga a ku Peru, amene banja lililonse limadzidalira lokha, ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo olandira sankakana kawirikawiri. Anthu a ku Lamalera ku Indonesia, amene amasaka anangumi m'mabwato ofuna anthu ambiri ogwirizana, ankapereka theka kapena kuposa. Ku Papua New Guinea, ena mwa anthu a mitundu ya Au ndi Gnau ankakana ngakhale gawo lalikulu, chifukwa kwa iwo mphatso yaikulu ndi ngongole yodzakumanga pambuyo. Palibe mtundu ndi umodzi womwe umene unachita zongodzikonda kotheratu, koma muyeso wa chilungamo unali wosiyanasiyana. Mwana wolanda uja, Mayi, mbewu ali nayo. Msinkhu, chibadwa chake ndi zimene amaona kunyumba ndizo zimachititsa kuti imere msanga kapena mochedwa.

FUNSO: Galu wanga akaba chakudya amagwetsa makutu, kupinda mchira ndi kundizemba maso. Kodi si chikumbumtima chimenecho? Kodi nyama zimadziwa tchimo? — Woweta agalu

YANKHO: Pepani, Bambo, nkhope ya galuyo ikhoza kukhala ikukunamizani. Mu 2009, Alexandra Horowitz wa ku New York anapempha eni agalu kuti aletse agalu awo kudya chakudya china, kenaka atuluke m'chipinda. Pobwerera, ena anauzidwa zoona, ena ananamizidwa kuti galu wadya pamene sanadye. Nkhope yooneka ngati ya wolakwa ija inkatuluka makamaka mwini galu akayamba kukalipa, kaya galuyo wadya kaya ayi. Galu amawerenga mkwiyo wanu n'kudzichepetsa kuti mtendere ubwerere. Chimenechi si chikumbumtima, komabe si chinthu chachabe, chifukwa kuopa kutaya ubwenzi ndi limodzi mwa maziko amene manyazi a munthu anamangidwapo.

Maziko ena amaoneka bwino pa anyani. Frans de Waal, pamene ankaonerera gulu la chimpanzi kumalo osungira nyama a ku Arnhem m'dziko la Netherlands m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti anyani awiri amene amenyana sapewana monga ankayembekezera, koma pakapita kanthawi amayandikirana, wina n'kutambasula dzanja, kenaka n'kukumbatirana ndi kupsompsonana. Anaonanso kuti nyani amene sanali nawo pa ndewu amapita kukagwira paphewa wogonja uja. Mu 2011, ku yunivesite ya Chicago, makoswe anaphunzira kutsegula kachitseko kuti amasule anzawo otsekeredwa m'kabotolo kopanikiza, ndipo ataikiridwa chokoleti pambali, ambiri anatsegula zonse ziwiri ndipo kawirikawiri ankasiyirako mnzawo womasulidwayo.

Kafukufuku wotchuka kwambiri ndi wa Sarah Brosnan ndi de Waal wa mu 2003. Apusi awiri a mtundu wa capuchin ankaikidwa moyandikana, ndipo aliyense akapereka kamwala ankalipidwa kachidutswa ka nkhaka. Onse ankadya mosangalala. Koma wina akangolipidwa mphesa pa ntchito yomweyo, mnzake wa nkhaka ankayamba kunyanyala, nthawi zina n'kuitaya kunja nkhaka imene ankaidya mokondwa poyamba. Ambiri anati chimenechi ndi chilungamo. Ine ndimaona kuti otsutsa ali ndi mfundo, chifukwa wodandaula ndi womanidwa yekhayo, ndipo akafukufuku ena anapeza kuti kungoona chakudya chabwino chimene sakupatsidwa kumakwanira kuti pusi anyanyale. Kukwiya chifukwa chakuti ine ndachepekedwa ndi chiyambi chabe. Chilungamo chenicheni chimaoneka pamene wa mphesa wakhumudwa ndi nkhaka ya mnzake.

Tisaiwalenso mbali ina ya abale athu a chimpanzi, amene mzere wawo unapatukana ndi wathu zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Ku Gombe m'dziko la Tanzania, Jane Goodall ndi anzake anaona gulu la chimpanzi litagawanika, ndipo pakati pa 1974 ndi 1978 amuna a gulu lalikulu anasaka ndi kupha amuna a gulu laling'ono mmodzimmodzi mpaka gululo litatha, ngakhale kuti kale ankadyera pamodzi.

Kusiyana kwakukulu kwa ife ndi iwo kuli pa nkhani ya munthu wachitatu. Kafukufuku wa mu 2012 anaonetsa kuti chimpanzi amalanga womubera iye mwini, koma akaona wina akuberedwa sachitapo kanthu. Munthu amapsa mtima ndi mlandu umene sukumukhudza, amaukamba ndi anzake, ndipo onse pamodzi amagwirizana lamulo lomanga aliyense. Christopher Boehm, amene anafufuza moyo wa anthu odalira kusaka ndi kutola zakutchire, anaonetsa kuti magulu otere amagwetsa wodzikuza pogwiritsa ntchito miseche, chipongwe, kusala, ndipo zikafika poipa, imfa. Richard Lee anaziona yekha ku Kalahari m'zaka za m'ma 1960 pamene anagulira anthu a mtundu wa Ju/'hoansi ng'ombe yonenepa ya phwando: onse anainyoza kuti ndi mafupa okhaokha, ndipo pambuyo pake anamufotokozera kuti amachita chimodzimodzi ndi mlenje aliyense wopha nyama yaikulu, kuti mtima wake uzizire asayambe kudziona ngati mfumu. Boehm ankaganiza kuti m'mibadwo yambiri ya moyo wotere, anthu otha kudziletsa asanadzudzulidwe ndiwo ankakhala bwino, ndipo chikumbumtima ndi mawu a gulu amene analowa m'kati mwa munthu.

FUNSO: Ndine namwino. Tinali ndi wodwala wachikulire amene abale ake ankati anali munthu waulemu moyo wake wonse, koma anayamba kutukwana, kutenga zinthu za eni ndi kusalabadira kulira kwa mkazi wake. Kodi khalidwe labwino lili ndi malo ake mu ubongo? — Namwino

YANKHO: Anamwino, zimene mwafotokozazo zimachitika pamene mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, yawonongeka, ndipo pali mtundu wa matenda a ubongo otchedwa frontotemporal dementia umene kawirikawiri umayamba ndi kusintha kwa khalidwe kuiwalaiwala kusanaoneke. Nkhani yakale yodziwika ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa zaka 25 pa ntchito yomanga njanji ku Vermont m'dziko la America, amene mu 1848 chitsulo chotalika kuposa mita chinamulowa patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu wonga utaphulika. Anapulumuka, koma dokotala wake John Harlow analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wotukwana ndi wosaugwira mtima. Mabuku ambiri anakokomeza nkhaniyi, chifukwa Gage pambuyo pake anagwira ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile kwa zaka zingapo asanamwalire mu 1860. Umboni wolimba unadza ndi Antonio Damasio ndi anzake, amene anapeza kuti odwala ovulala mbali imeneyi amatha kunena bwinobwino chimene chili choyenera, koma chidziwitsocho sichiwagundanso mumtima pa nthawi yosankha zochita.

Komabe palibe kachipinda kamodzi ka khalidwe labwino. Kachigawo kotchedwa amygdala kamathandiza kuzindikira mantha pankhope ya wina, ndipo Abigail Marsh anapeza mu 2014 kuti anthu amene anapereka impso kwa munthu wosamudziwa anali ndi amygdala yokulirapo komanso yoyankha mwamphamvu ikaona nkhope yamantha, mosiyana ndi zimene zimapezeka mwa anthu ouma mtima kotheratu. Palinso oxytocin, homoni kapena kuti mankhwala opangidwa ndi thupi lenilenilo, amene inu mumamudziwa bwino kuchipinda chochirira. Homoni yomweyo imene imathandiza chiberekero kukokana ndi mkaka kutuluka imagwiranso ntchito pomanga chikondi cha mayi ndi mwana mwa nyama zoyamwitsa, ndipo Patricia Churchland amati khalidwe labwino linayambira pamenepa, chisamaliro cha pa mwana n'kumafutukukira kwa mwamuna kapena mkazi, achibale ndi anansi. Koma amene amaitcha homoni ya chikondi amafulumira, chifukwa kafukufuku wa Carsten De Dreu ku Amsterdam anasonyeza kuti imathanso kukulitsa kukondera gulu lako.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo. Achinyamata athu akuwerenga nkhani zimenezi pa intaneti, ndipo ena ayamba kunena kuti tchimo kulibe, zonse ndi majini, ndiponso kuti Mulungu alibe mbali pa chikumbumtima. Kodi sayansi ikunenadi zimenezi? — Mkulu wa mpingo

YANKHO: Bambo, achinyamatawo alumpha mtsinje umene sayansi yokha singawaolotse. Kufotokoza kumene chinthu chinachokera n'kosiyana ndi kugamula ngati chinthucho n'choona kapena n'choyenera. David Hume wa ku Scotland anachenjeza kale cha m'ma 1740 kuti munthu sangachoke pa mawu akuti "zili chonchi" n'kufika pa akuti "ziyenera kukhala chonchi" popanda kuwonjezerapo mfundo ina. Luso lathu lowerengera nalonso lili ndi mizu mu ubongo ndipo nyama zina zili nalo pang'ono, koma palibe amene amati 7 kuchulukitsa ndi 8 si 56 chifukwa choti ubongo unachita kusintha. Alipo anzeru, monga Michael Ruse, amene anati kumva kwathu kwakuti malamulo a khalidwe ndi enieni ndi chinyengo chothandiza chimene majini anatiikira, ndipo alipo ena ambiri amene amawatsutsa. Umenewu ndi mkangano wa afilosofi, ndipo palibe chipangizo cha mu labotale chimene chingauthetse.

Darwin mwini anaona kuopsa kotenga chilengedwe ngati mphunzitsi wa khalidwe. M'buku lake la mu 1871 lofotokoza za chiyambi cha munthu, analemba kuti anthu akanaleredwa ngati njuchi za mumng'oma, akazi osakwatiwa bwenzi akuona kupha alongo awo ngati udindo wopatulika. Thomas Huxley, bwenzi lake, ananena mu 1893 kuti kupita patsogolo kwa khalidwe kwagona pa kulimbana ndi njira za chilengedwe, osati kuzitsanzira. Amene sanamvere chenjezo limeneli anabweretsa misozi. Francis Galton anayambitsa mu 1883 mawu akuti eugenics, ganizo lakuti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha oyenera kubereka, ndipo m'zaka za m'ma 1900 anthu oposa 60,000 ku America anatsekedwa mokakamiza kuti asabereke, pamene ku Germany, pansi pa lamulo la chipani cha Nazi la mu 1933, anafika pafupifupi 400,000.

Chilengedwe chinatipatsa chifundo, koma chinatipatsanso malire ake opapatiza, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene sindingavomerezere kuti chibadwa chikhale woweruza. Henri Tajfel anagawa anyamata a sukulu a ku Bristol m'magulu potengera zinthu zopanda pake, monga wojambula zithunzi amene amukonda, ndipo mu 1971 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anyamatawo ankakondera a gulu lawo pogawa mphoto ngakhale sankadziwa kuti ndani ali m'gululo. Mtima umene umatikokera kwa athu ndi womwewo umatitembenuza kumbuyo kwa ena. Chimene chimakankha malirewo ndi kulingalira, chiphunzitso, malamulo ndi kukumana ndi anthu amene tinkawayesa achilendo. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807 n'kukhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'madera ake ambiri mu 1833, ndipo majini a anthu sanasinthe m'zaka zochepa zimenezo. Chinasintha ndi yankho la funso lakuti munthu mnzathu ndani. Darwin, amene anaona nkhanza za ukapolo ndi maso ake ku Brazil mu 1832 ndipo anadana nazo moyo wake wonse, ankati chimene chimaletsa chifundo kufika kwa anthu a mitundu yonse ndi mpanda wochita kumanga.

Za Mulungu, sayansi imafufuza njira zimene zinthu zimachitikira, ndipo funso lakuti kuseri kwa njirazo kuli cholinga kapena ayi silili m'manja mwake. Okhulupirira ayankha mosiyanasiyana. Alfred Russel Wallace, amene anatulukira mfundo ya kusintha kwa zamoyo pa nthawi imodzi ndi Darwin, anafika poti maganizo a munthu sangafotokozedwe ndi njira imeneyi yokha. Papa John Paul II ananena mu 1996 kuti chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo si chongoganizira chabe, koma anaumirira kuti mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu mwachindunji. Mipingo ina imakana chiphunzitsochi kotheratu. Mukhoza kuwauza achinyamatawo kuti asankhe mbali yawo moona mtima, koma asanamizire majini, chifukwa ubongo umene umawapatsa chilakolako ndi womwewo umene umawapatsa mphamvu yochikana.

FUNSO: Kodi pali umboni wosonyeza nthawi imene anthu anayamba kusamalira odwala ndi olumala? — Wophunzira wa zakale

YANKHO: Chifundo sichisiya mafupa, koma nthawi zina mafupa amasonyeza kuti mwini wake sakanakhala moyo payekha. Ku Dmanisi m'dziko la Georgia kunapezeka chigaza cha zaka pafupifupi 1.8 miliyoni cha munthu wakale amene anaguluka mano onse kupatula limodzi, ndipo mabowo a manowo anali atatsekeka ndi fupa, kutanthauza kuti anakhala nthawi yaitali ali chigwegwe. Ena amati ankamufewetsera chakudya, koma ena amakumbutsa kuti anyani akutchire nawonso amapirira zilema zazikulu popanda wowadyetsa, choncho umboniwu ndi wofunika kuugwira mosamala.

Wolimba kwambiri ndi wa kuphanga la Shanidar kumpoto kwa Iraq, kumene gulu la Ralph Solecki linafukula mu 1957 mafupa a mwamuna wa mtundu wa anthu akale otchedwa Neanderthal amene anakhala zaka zoposa 40,000 zapitazo. Mwamunayu anamenyedwa ndi chinthu kumanzere kwa nkhope mwakuti diso la mbali imeneyo liyenera kuti linawonongeka, mkono wake wamanja unali wopuwala ndiponso woduka cha pachigongono, ankayenda motsimphina, ndipo m'makutu mwake munamera tifupa timene tinamugonthetsa. Mabala onsewa anapola iye akali moyo, ndipo anafika zaka za m'ma 40, umene unali ukalamba pa nthawiyo. Kudera kumene kunali zilombo zolusa, munthu wa dzanja limodzi, wosamva bwino ndi wosatha kuthamanga anapitiriza kupeza nyama ndi malo pafupi ndi moto kwa zaka zambiri.